Mchere wa M'dziwe la Mfumu Sindilakwa

Dziko la Zilibwino silipezeka pa mapu, ndipo eni ake amati ndi bwino choncho chifukwa alendo amabwera ndi mafunso. Likulu lake ndi Mwatero. Dzinali linachokera ku yankho limene nduna zimapereka Mfumu Sindilakwa Wachitatu ikayankhula, ikatsokomola, ngakhale ikangoyasamula: "Mwatero, Mwinidziko."

Malamulo akuluakulu a dzikoli mwana amawaloweza asanagweruke mano. Mphatso yopita kwa mfumu siikanidwa ndipo siitayidwa. Lipoti lililonse lopita kwa mfumu limathera ndi mawu akuti "zili bwino". Ndipo thupi la mfumu silikhudzidwa, kaya ndi dzanja kaya ndi ndodo. Wophwanya limodzi la malamulowa amatumizidwa ku Kosabwerera, dera la miyala yokhayokha kumalire, ndipo akamwalira amaikidwa komweko.

Chaka china Mwinidziko anapita kutsidya kwa nyanja kukaphunzira njira zothetsera njala. Anakhalako miyezi iwiri, ndipo anabwerako ndi nzeru imodzi: dziwe losambiramo la madzi a mchere, longa limene analiona pahotela pomwe ankagona. Dziwelo linakumbidwa kuseri kwa nyumba yachifumu, n'kuikidwa matailosi obiriwira, makwerero achitsulo ndi makina ake. Za njala zija anati tidzakambirana.

Woyang'anira dziwelo anasankhidwa Mayi Fanesi, amene anagwira ntchito yoyeza madzi ku matanki a mzinda zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anali mayi wosachuluka mawu, ndipo ankadziwika ndi matenda amodzi osowa m'dzikomo: sankalemba chimene sanachione ndi maso. Amuna awo, a Yotamu, anagona pansi pa mtengo wa mbawa ku manda a Tidzaonana, ndipo pambali pawo Mayi Fanesi anasungitsa malo awoawo. Loweruka lililonse ankapita kukasesa malo onse awiri. Munthu wotere Kosabwerera amakuopa kuposa imfa. Ntchito ya kunyumba yachifumu sanaifune, koma kalata itabwera anangoti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Bwana wawo anali a Chipalamula, Nduna ya Madzi Osayenda. Tsiku loyamba ndunayo inabwera padziwe ndi alembi awiri.

"Mchere mukufuna matumba angati, mayi?"

"Anayi, bwana."

"Mazana anayi?"

"Anayi okha. Pa lita imodzi pamafunika theka la kasupuni ka tiyi. Madzi ake safika n'komwe pa kuwawa kwa misozi. Makinawa ndi amene amasandutsa mcherewo kukhala klorini wophera tizilombo. Mchere ukachepa sagwira, ukachuluka amazima."

A Chipalamula anayang'ana uku ndi uku. "Mawu akuti theka musamawatchule kuno. Mwinidziko sapatsidwa theka la kanthu."

Mayi Fanesi anawaonetsanso kabotolo koyezera. Umatunga madzi pang'ono, n'kudonthezamo madontho asanu a mankhwala. Akasanduka achikasu ndiye kuti asidi wachuluka, adya zitsulo. Akafiirira ngati duwa la mbatata ndiye kuti asidi wachepa, klorini afooka. Pofunika ndi pakatikati, mtundu wa papaya wakupsa. Nduna inamvetsera mwaulemu ngati munthu amene akumva maliro a kumudzi kwa eni, kenako inauza alembi kuti alembe kuti zili bwino.

Matumba anayi aja anathiridwa, makina anayamba kung'ung'udza, madzi anayera mbee. Zikanathera pomwepo nkhani ino sikanakhalapo.

Koma mbiri inamveka kuti Mwinidziko akufuna mchere. Woyamba kufika anali mfumu ya ku Ndagwada, thumba lili paphewa. Mwambo wa ku Zilibwino umati mphatso uifikitse ndi manja ako pamalo pomwe mwini wake akaigwiritsire ntchito. Wopereka mbuzi amaimangirira yekha m'khola, wopereka mpando amauika yekha pabalaza. Choncho mfumu ya ku Ndagwada inang'amba thumba n'kukhuthulira m'dziwe, wojambula zithunzi ali pomwepo.

"Gogo, mcherewu wakwana kale," anatero Mayi Fanesi.

"Mukukana mphatso, mayi?"

"Ayi, gogo. Khuthulani."

Mawa lake mfumu ya ku Inenso inabwera ndi matumba awiri, kuti asati ya ku Ndagwada ndiyo yokonda Mwinidziko. Ya ku Tisatsale inabwera ndi ngolo. Kunabwera a mipingo, a sukulu, a bungwe la ometa tsitsi, ndi gulu la akaidi limene linati lasonkha mwa kufuna kwawo. Pomatha mwezi matumba anali atafika mazana anayi, monga momwe nduna inalotera tsiku loyamba lija.

Makina anayatsa getsi lofiira n'kuzima. Makwerero anachita dzimbiri. M'mphepete mwa dziwe munamera zoyera zokhakhala, ndipo madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Chule wina amene anadumphiramo m'mawa wina anatulukamo yekha osadikira kuvuulidwa, ndipo sanabwererenso. Tsiku lililonse Mayi Fanesi ankalemba zimene aona, n'kusiya mzere womaliza wopanda kanthu. A Chipalamula anachita kusemetsa chidindo cholembedwa kuti ZILI BWINO, choti azidinda pamzerewo.

Tsiku lina Mayi Fanesi anabwera ndi dzira la kunyumba kwawo. Analiika m'madzimo nduna ikuona. Dziralo linayandama.

"Mwaona, bwana? M'madzi abwino dzira limamira."

"Ndaona," anatero a Chipalamula mokhutira. "M'dziwe la Mwinidziko ngakhale dzira silimira."

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene sichinalembedwe m'buku lililonse la mbiri ya dzikolo: Mfumu Sindilakwa inali isanalowepo m'madzi opitirira m'bafa. Tsiku limene inatsika makwerero koyamba, nduna zonse zinagwira mpweya. Mwinidziko anagona chagada, ndipo madzi anawanyamula ngati chipanda. Anayesa kumiza mwendo, mwendo unabwerera. Anayesa kumiza mimba, mimba inakana. Madzulo omwewo wailesi inalengeza kuti Mfumu ya Zilibwino siimira, ndipo pofika Lamulungu makwaya anali atapeka nyimbo.

Koma tsiku lachitatu dontho limodzi linalowa m'diso lachifumu. Diso linafiira masiku awiri, ndipo a Chipalamula anabwera padziwe opanda alembi.

"Pa Chikondwerero cha Ufumu, masabata atatu akubwerawa, Mwinidziko adzasambira pamaso pa anthu ndi akazembe. Madzi adzayere, aliyense adzaone. Ndipo diso likadzafiiranso, mayi, mulongedze."

"Mchere ukachuluka mankhwala ake ndi amodzi, bwana. Kuchotsa madziwa n'kuthira ena."

"Kutaya matumba mazana anayi a mphatso?"

"Nanga nditani?"

"Muwakonze osawachotsa. Inu si munaphunzira?"

Mayi Fanesi anatuluka pachipata. Akasiya madziwo, Kosabwerera. Akawataya, Kosabwerera. Anadutsira ku msika wa Tidyenji kuti agule tomato, ngakhale njala analibe.

Ku Tidyenji mchere unali utasowa mwezi wathunthu. Wailesi inali itafotokoza kale kuti mchere umakweza magazi, ndipo Unduna wa Zaumoyo unathokoza Mwinidziko chifukwa chopulumutsa mtundu. Anthu ankadya ndiwo zozizira, akuti ali ndi thanzi. Anasibeko, mayi wogulitsa tomato ndi usipa, amene pakamwa pake sipankapita kutchuthi, anawaona akubwera.

"Abwera a kumchere. Asisi, tangotigwirani chanza, tikanyambite kunyumba."

"Musandiseke, Anasibeko. Ine madzi afika m'khosi."

"Ife tikafunsidwa ndi ana timati mchere unapita kukasambira. Ubwera ukatopa."

Mayi Fanesi anawafotokozera zonse motsitsa mawu. Anasibeko anasanja tomato wawo, kenako anati, "Kodi kwanu bambo akadya n'kukhuta, makombo mumataya?"

"Timapatsa ana."

"Ndiye kutaya kumeneko?"

"Ayi."

"Nanga pa wailesi samati ife ndife ana ake?"

Nkhaniyi itafika ku bwalo la nduna inakambidwa masiku atatu. Tsiku loyamba anakangana za dzina. Lachiwiri anakangana za yemwe adzadule riboni. Lachitatu a Chipalamula anakumbukira kuti nzeruyo inali yawo kuyambira kale, ndipo bwalo linavomereza Ndondomeko ya Makombo a Mwinidziko: mwa chifundo chake, mfumu ikulola anthu ake kutunga madzi amene yasambamo. Mwinidziko anasaina, n'kunyamuka ulendo wa masabata awiri wokaphunzira njira zothetsera kusowa kwa mchere.

Mzere wa zidebe unayambira pachipata mpaka ku Tidyenji. Anthu ankawiritsa madziwo m'mapoto, ena ankawayanika pa malata, ndipo pansi pankatsala mchere woyera. Mzinda wonse unanunkhiranso ndiwo. Anasibeko anatunga kasanu.

"Kale iwo ankasamba ife n'kumangomva pa wailesi," anatero atasenza chidebe. "Lero akusamba ife n'kumanyambita. Amene akuti kulibe chitukuko ndi wa nsanje."

Madzi atatsala ofika m'kakolo, Mayi Fanesi anatsegula paipi ya madzi atsopano. Mipopi ya m'tauni inauma masiku atatu kuti dziwe lidzaze, koma walira mvula walira matope, anthu sanadandaule kwambiri. Kenako mayiwo anayamba ntchito imene ankaidziwa. Anamasula makina n'kutsuka timbale take tomwe tinali titakutidwa ndi zoyera ngati za m'ketulo. Anapala dzimbiri pa makwerero. Anayeza mchere, n'kuwonjezera madzi, n'kuyezanso. Getsi lofiira lija linazima, lobiriwira linayaka. Madontho asanu anaonetsa duwa la mbatata, ndiye anathira asidi pang'ono, n'kudikira pampu izungulitse madzi, n'kuyezanso. Sankathira kawiri asanayeze, chifukwa madzi safuna phuma. Lachinayi m'mawa, kutatsala tsiku limodzi, anakweza kabotolo kudzuwa ndipo anaona papaya wakupsa. Pansi pa dziwe pankaoneka mzere uliwonse wa matailosi. Mayi Fanesi anasangalala, chisangalalo chenicheni chimene anali atachiiwala chiyambire ntchitoyi.

Atakhala pansi kuti adye, anatulutsa m'chikwama dzira lina limene anabwera nalo kuti awiritse. Analiyang'ana, n'kuyang'ana madzi. Anapita pamphepete n'kuliika. Dzira linatsika bwinobwino mpaka pansi.

Anapeza a Chipalamula akuyesa suti ya chikondwerero.

"Bwana, dzira lamira."

"Ndiye?"

"Mwinidziko ankayandama chifukwa cha mchere. Mawa asalowe kozama. Ayambire kosaya, agwire makwerero."

"Mukufanizira Mwinidziko ndi dzira?"

"Ndikungonena zomwe madzi amachita."

"Mayi, ndifunse funso limodzi. Madziwo ali bwino kapena sali bwino?"

"Ali bwino, bwana."

"Lembani."

Choncho kwa nthawi yoyamba mzere womaliza unalembedwa ndi dzanja lawo, chidindo osafunika. Zinali zoona, ndipo sanalembepo choonadi chimene chinawaopsa ngati chimenecho.

Lachisanu masana anthu anadzaza pabwalo la kuseri mpaka pa mipanda. Akazembe anakhala pamthunzi. Kwaya inaimba nyimbo ya mfumu yosamira mavesi onse asanu ndi awiri. Mwinidziko anatuluka atavala kabudula wa mtundu wa mbendera, anakweza dzanja, n'kuyenda molunjika kozama. Makwerero sanawayang'ane n'komwe. Anadumpha.

Madzi anali oyera monga momwe nduna inalamulira, choncho aliyense anaona bwinobwino. Mwinidziko anatsika ngati dzira lija, kungoti dzira silinkaphupha.

"Akuyendera pansi," analengeza a Chipalamula, ndipo nduna zinayamba kuwomba m'manja. Asilikali anaima njo, manja kumbuyo. Aliyense ankadziwa lamulo lachitatu, ndipo aliyense anali ndi ana.

Mayi Fanesi anali ataima pakona ndi mtengo wawo wautali wa kaukonde kumapeto, wovuulira masamba. Ankaona thovu likukwera, lalikulu, kenako laling'ono. Anaganiza za mtengo wa mbawa ndi malo awo osesedwa bwino aja, ndi miyala ya ku Kosabwerera kumene sankadziwako munthu. Anakwiya. Anakwiyira nduna, anakwiyira mafumu ndi matumba awo mazana anayi, anakwiyiranso munthu wamkulu ndevu pepeya amene anakhulupirira nyimbo ya kwaya. Koma m'madzi amene anawakonza okha munthu sakanaferamo iwo akuona. Anamiza mtengo uja n'kuwagunda nawo pachifuwa.

Mwinidziko anaugwira ndi manja awiri, mwamphamvu kuposa mmene anagwirira ufumu. Mayi Fanesi anawakokera kosaya pang'onopang'ono. Mutu wachifumu unatuluka, pakamwa panatseguka, ndipo Mwinidziko anatsokomola madzi ambiri ndithu.

"Mwatero, Mwinidziko," zinayankha nduna.

Mlandu unazengedwa Lolemba, mfumu ili pampando itafunda bulangete. Koma bwalo linapeza kuti lili pa mphanda. Wailesi inali italengeza kale Lachisanu lomwelo kuti Mwinidziko anasambira pansi pa madzi n'kuvuuka yekha. Ngati anavuuka yekha, mtengo sunawakhudze. Ngati mtengo unawakhudza, wailesi inanama, ndipo wailesi ndi pakamwa pa mfumu. Anagwirizana kuti njira yachidule ndi yakuti mayiwo alumbire kuti mfumu siinamire, nkhani ithe.

"Lumbirani, mubwerere kwanu," ananong'ona a Chipalamula. "Ndi mawu awiri okha."

Mayi Fanesi anagwada monga mwa mwambo.

"Ine, mabwana, ndinalembedwa ntchito ziwiri: kuyeza madzi ndi kuvuula zogweramo. Masiku ena ndimavuula masamba, masiku ena chule. Lachisanu lija ndinavuula chimene chinagweramo, monga masiku onse."

"Chinali chiyani?"

"Dzina lake mulembe ndinu, bwana. Chidindo muli nacho."

Nduna zinayang'anana. Mlembi anakweza cholembera n'kudikira. A Chipalamula anakanda pachipumi, kenako anati, "Lembani kuti tsamba." Ndipo m'buku la milandu la Zilibwino munalembedwa kuti pa Chikondwerero cha Ufumu woyang'anira dziwe anavuula tsamba limodzi, zili bwino.

Apo mpamene Mwinidziko anayankhula.

"Mayi, madzi a Lachisanu anali ndi vuto lanji?"

"Analibe vuto, Mwinidziko."

"Nanga oyamba aja?"

"Aja munkanyamulidwa ndi mchere wa anthu."

Mfumu inayang'ana pansi nthawi yaitali, ikusisita pachifuwa pomwe mtengo unagunda. Amene analipo amati nkhope yake inaoneka ngati ya munthu amene wamva, ndipo nduna zina zinayamba kuchita mantha kuti mwina dziko lisintha.

"Mcherewo ubwerere m'dziwe," anatero Mwinidziko.

"Mwatero, Mwinidziko."

Pofika Lachitatu malole anali atayamba kuzungulira m'misika kutolera mchere. Mfumu ya ku Ndagwada inafikanso yoyamba. Getsi lofiira linayakanso, chidindo chinatulutsidwa m'dirowa, ndipo Unduna wa Madzi Osayenda unaitanitsa magalasi osambirira kuti diso lisadzafiirenso. Wailesi inakumbutsa anthu za kukwera kwa magazi. Anasibeko, amene anali atakwirira ndowa ziwiri za mchere pansi pa benchi ya tomato, anati iwo magazi awo awasamala okha.

Loweruka Mayi Fanesi anatenga tsache n'kupita ku Tidzaonana. Anasesa pa a Yotamu, kenako anasesa pambali pake, mosamala kuposa masiku onse. Atamaliza anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Ndikadalipo, bambo," anatero. "Malo angawa asalowepo munthu. Madzi aja ndinawakonza, mukanawaona. Anakhala bwino masiku asanu ndi limodzi."

Kamphepo kanadutsa, ndipo tsamba la mbawa linagwera pamalo pawo posesedwa paja. Analitola ndi zala ziwiri, n'kuliyeza m'dzanja.

"Ili ndiye lopepuka," anatero, n'kuliponya kumbali.